Kudzutsa Kalasi ya Sekondale kwa Kanduku

Piriyodi imodzi pa sukulu ya sekondale m'Malawi muno imatenga mphindi 40. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti mwana amvetse chinthu chimene sadzachiiwala mpaka ukalamba. Ndi yokwaniranso kuti akopere tsamba ndi theka la manotsi kuchokera pa bolodi, atseke kope, n'kutuluka panja mutu uli momwe unalili polowa. Kwa Kanduku m'boma la Mwanza, monganso m'madera ambiri a dziko lino, chachiwirichi n'chimene ana a m'sukulu zoyendera amachidziwa bwino. Mphunzitsi amalemba, ana amakopera. Tsiku lina mphunzitsi amasiyira monita kope lake kuti alembe pa bolodi, iye n'kuthamangira ku kalasi ina imene ikungokhala yokha. Akafunsa kuti "Tamvana?" kalasi yonse imavomerera pamodzi, ndipo m'chivomerezo cha anthu ochuluka chotere simungadziwe amene wamva ndi amene wangotsata mawu a anzake.

Kuloza chala aphunzitsi n'kosavuta, koma chizolowezi chimenechi chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Zinali zachidziwikire kuti khamu limeneli lidzafuna malo ku sekondale. Choncho mu 1998 boma linatenga malo ophunzirira a MCDE, amene kale anali ongothandiza ana ophunzira paokha, n'kuwasandutsa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zimene aliyense amangozitchula kuti ma CDSS. Zambiri zinayamba popanda labotale, popanda laibulale, ndipo aphunzitsi ambiri anali amene anaphunzira ntchito yophunzitsa ku pulayimale. Pamene buku limodzi likulimbiranidwa ndi ana khumi, manotsi a pa bolodi ndiwo amakhala buku. Pamwamba pa izo pali mayeso a MANEB. Kuti mwana alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo sukulu imatchuka kapena kunyozeka malinga ndi zotsatira zimenezi. Mphunzitsi amene akuopa kuti silabasi sitha amaona funso lililonse la mwana ngati lomudyera nthawi.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amasokoneza akamakamba zoti phunziro likhale losangalatsa. Amaganiza za mphunzitsi wanthabwala, wodziwa kuseketsa kalasi, kapena za kompyuta ndi makanema. Nthabwala si zoipa, ndipo mwana aliyense amakumbukira mphunzitsi amene ankamuseketsa. Koma kalasi ikhoza kuseka piriyodi yonse osagwira kanthu. Chidwi chimene tikunena pano ndi chija chimabwera mwana akapatsidwa funso limene akufunadi kudziwa yankho lake, ndipo akasiyidwa kuti alimbane nalo yekha kaye. Muyeso wake ndi wakuti, m'mphindi 40 zija, ndani wagwira ntchito ya mutu. Ngati ndi mphunzitsi yekha, phunzirolo linali lake, ana anali alendo.

Zimenezi zinafufuzidwa. Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku America, anazindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti ophunzira ake, amene ankakhoza bwino masamu ovuta a m'mayeso, ankalephera mafunso osavuta ofuna kumvetsa chenicheni chimene chikuchitika. Anasintha kaphunzitsidwe. Ankafunsa funso limodzi lokhala ndi mayankho angapo, aliyense n'kusankha payekha, kenako n'kutembenukira kwa mnzake wa pambali amene wasankha zina kuti atsutsane, n'kusankhanso kachiwiri. Kawirikawiri ulendo wachiwiriwu okhoza ankachuluka, mphunzitsi asananene kanthu. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa makalasi a sayansi ndi masamu a m'mayunivesite, n'kupeza kuti kumene mphunzitsi amangolankhula yekha, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera, pamene kumene ophunzira ankagwira ntchito m'kalasi olephera anali pafupifupi 22. Awa ndi mayunivesite a kunja, si Fomu 2 ya kumudzi, ndipo tisanamizane kuti ziwerengerozo zingangotsika momwemo kwathu kuno. Komabe njira ya Mazur sifuna magetsi. Mwana akhoza kuonetsa yankho lake ndi zala pachifuwa, pamene mnzake wa kumbuyo sangaone, ndipo mphunzitsi amadziwa pompo kuti theka la kalasi lasochera.

China n'chaching'ono kwambiri moti chimaoneka ngati chopanda ntchito. Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi, anayeza m'zaka za m'ma 1970 nthawi imene aphunzitsi amadikira akafunsa funso, ndipo anapeza kuti ambiri sadikira kupitirira sekondi imodzi asanatchule mwana wina kapena kudziyankha okha. Atawaphunzitsa kudikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho a ana anatalika, ndipo ana amene kale ankangokhala chete anayamba kukweza manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mwana wa kwa Kanduku, amene funso amalimva m'Chingerezi, n'kulitembenuza m'mutu, n'kupeza yankho, n'kulibwezeranso m'Chingerezi, sekondi imodzi ndi chitseko chotsekedwa.

Labotale ili panja

Mwanza ndi boma laling'ono, makamaka chichokereni Neno amene anaima payekha mu 2003. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 131,000. Koma ndi maboma ochepa amene ali ndi zophunzitsira zambiri pafupi ndi khomo la kalasi ngati limeneli.

Tiyambe ndi manachesi, amene anatchukitsa Mwanza m'dziko lonse. Mutu wa ma asidi ndi ma alikali umaphunzitsidwa m'sukulu zambiri ndi choko basi: mwana amaloweza kuti pepala la litimasi limasanduka lofiira mu asidi, pomwe pepalalo sanalionepo. Chonsecho zipangizo za phunziroli zili m'khitchini mwa amayi ake. Wiritsani chidede m'madzi pang'ono, mupeza madzi ofiira. Thirani m'mabotolo angapo oyera. M'botolo loyamba finyiranimo ndimu, madziwo awala kufiira kwake. M'lachiwiri dontheziranimo chidulo, chija amayi amachitcheza paphulusa pofuna kuphikira therere, ndipo muona madziwo akuda n'kusanduka obiriwira. Chimene chimapatsa chidede mtundu wake chimasintha maonekedwe malinga ndi asidi kapena alikali, chimodzimodzi ndi litimasi wa m'sitolo. Apa mphunzitsi asafulumire kufotokoza. Afunse: tikathira madzi a ndimu m'botolo lobiriwirali, chichitike n'chiyani? Aliyense alembe ganizo lake kaye. Kenako ana adontheze, dontho limodzilimodzi, akuwerenga, mpaka kufiira kubwerere. Gulu lina lichite zomwezo ndi nachesi lakupsa, lina ndi losapsa, chidulo chake chikhale chofanana muyeso. Ndimu lidzafuna madontho ochepa. Akafunsidwa chifukwa chake, ana eni ake adzanena kuti ndimu ndi lowawasa kwambiri, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa mawu a m'silabasi onena za kuchuluka kwa asidi ndi kayezedwe kake ndi phazi limodzi lokha. Mwana amene wawerenga madontho ndi maso ake akadzakumana ndi funso limeneli pa mayeso a kemisitile, ali ndi chogwira.

Phunziro lomweli lili ndi mchira wake. Chidulo, monganso soda, chimafewetsa ndiwo zamasamba msanga komanso chimawononga ena mwa mavitamini ake, makamaka vitamini C. Ndiye tiwauze amayi asiye? Nanga nkhuni zimene amapulumutsa ndiwo zikapsa msanga, nanga kukoma kwa therere? Mtsutso wotere suzizira, ndipo atsikana amene amaphika tsiku ndi tsiku amakhala ndi mawu kuposa anyamata amene amalamulira kalasi masiku ena onse.

Pa zaulimi, silabasi imafuna ana adziwe kumezanitsa mitengo. Chithunzi chake chili m'buku, koma kwa Kanduku kuli alimi amene achita ntchito imeneyi ndi manja awo kwa zaka zambiri: kutenga diso la nachesi labwino n'kulilowetsa pa mbande ya ndimu, imene mizu yake ndi yolimba. Mtengo womezanitsa umabereka msanga kuposa wofesa kuchokera ku mbewu, ndipo zipatso zake zimafanana ndi za mtengo umene disolo linachokera. Kuitana mlimi wotere, kapena mlangizi wa zaulimi, kuti adzaime kutsogolo kwa Fomu 3 ndi mpeni wake sikutsitsa ulemu wa mphunzitsi. Mwana amene waona bambo wa m'mudzi mwake akulemekezedwa m'kalasi amasiya kuganiza kuti nzeru zonse zimachokera ku Blantyre. Mbande zimene ana amezanitsa okha akhoza kuzisamalira mpaka teremu itha, n'kuwerenga zimene zagwira ndi zimene zafa, n'kufufuza chifukwa chake.

Ngakhale mitengo ya pamsika ndi phunziro. Nyengo yozizira ikafika manachesi amapsa nthawi imodzi, milu n'kudzaza m'mbali mwa msewu, mtengo n'kugwa. Ana atati azilemba mtengo wa mulu umodzi sabata iliyonse kuyambira pamene oyamba akupsa mpaka otsiriza, akhoza kujambula girafu yawoyawo, ndipo palibe chifukwa chowalowezetsa kuti katundu akachuluka mtengo umatsika. Funso limene lidzatuluke mwa iwo okha, lakuti n'chifukwa chiyani mlimi amagulitsa motchipa chonchi pamene chipatso chomwecho mumzinda n'chodula, ndi lalikulu kuposa lililonse limene mphunzitsi akanakonza.

Za dzuwa nazo n'zaulere. Mwanza ali pa madigiri 15 ndi theka, kapena kupitirira pang'ono, kummwera kwa mzere wa ikweta. Kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, ndipo ndodo yozikidwa chilili pabwalo imasowa chithunzithunzi kwa kanthawi. Mu Juni, nthawi yomweyo ya masana, chithunzithunzicho chimakhala chachitali ndipo chimaloza kummwera. Kalasi imene yazika ndodo yake n'kumayeza sabata ndi sabata imamvetsa kupendekeka kwa dziko kuposa imene yajambula mpira pa bolodi. Idzadabwanso kuti mu Novembala chithunzithunzi chimafupikitsitsa cha m'ma 11:30, osati 12 koloko, ndipo kudabwa kumeneko n'khomo lolowera ku nkhani ya mmene maiko amagwirizanirana za nthawi. Ndi chithunzithunzi cha ndodo chomwechi Eratosthenes anayeza kukula kwa dziko lapansi ali ku Alexandria, zaka zoposa 2,200 zapitazo.

Ndiye pali chipata cha Mwanza. Magalimoto akuluakulu ochokera ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku doko la Beira amadutsa ku Tete ndi ku Zobue n'kulowera pano, pa ulendo wa ku Blantyre womwe ndi wa makilomita pafupifupi 100. Mwana wa kuno amadziwa kwacha, metikali ndi randi asanafike Fomu 1, ndipo ena amasintha ndalama m'mutu mwachangu kuposa mphunzitsi wawo, koma akaona funso lomwelo m'buku la masamu amanjenjemera. Njanji ya makilomita oposa 900 yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala imadutsa m'boma lomweli. Ikani mapu patebulo, mufunse chifukwa chimene njanji yochokera ku Mozambique kupita ku Mozambique ikudutsira m'Malawi. Ana akayang'anitsitsa adzaona okha mmene chigawo cha kummwera chinalowera mkati mwa dziko la eni, ndipo jogalafe idzawatengera ku mbiri ya malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anadula.

Mbiri ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi phunziro limene limaphedwa ndi manotsi kuposa onse. Ufumu wa Kanduku ndi wa Angoni a kwa Maseko, amene mfumu yawo yaikulu Gomani woyamba inaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Ana amaloweza maina a atsogoleri akale a Angoniwo, Mputa, Chidyaonga ndi Chikuse, ngati maina a anthu achilendo, pomwe ena mwa anawo ali ndi ziwongo zochokera kwa Angoni omwewo. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, Malawi anasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Mwanza anali limodzi mwa makomo awo. Mu 2015 ndi 2016 enanso anadzaza pa mudzi wa Kapise. Ndipo mu Meyi 1983, pa msewu wa ku Thambani, panapezeka mitembo ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga. Boma la nthawiyo linati anafa pangozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, koma pa mlandu umene unatsatira, khoti linamasula Dr Hastings Kamuzu Banda ndi anzake mu Disembala 1995. Kwa mwana wa Fomu 4 palibe phunziro la umboni loposa ili: nkhani imodzi, zonena zitatu, ndipo agogo amene ankamva manong'onong'o a masiku amenewo akadali moyo. Kumutuma kuti akafunse akuluakulu a kwawo, mwaulemu ndi mosakakamiza, n'kudzayerekeza zimene wamva ndi zimene zinalembedwa, ndiko kumuphunzitsa ntchito yeniyeni ya wolemba mbiri. Mphunzitsi apa ayenera kusamala kuti kalasi isasanduke msonkhano wa chipani, koma kuopa zimenezo si chifukwa chobisira ana zimene zinachitika pakhomo pawo.

Kumene njirazi zimapunthwa

Zonsezi si zachilendo ku Unduna wa Zamaphunziro. Malawi Institute of Education ya ku Domasi yakhala ikulimbikitsa kwa zaka zambiri kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, njira imene aphunzitsi amaidziwa ndi dzina lakuti TALULAR. Pulogalamu ya SMASSE, imene inayambira ku Kenya mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan n'kufika kuno mu 2004, yasonkhanitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi patchuthi kuti aphunzire kupatsa ana zochita, kuyesa zinthu, ndi kupanga zipangizo ndi zimene zilipo. Nanga bwanji bolodi likadali mfumu?

Chifukwa china n'chakuti uthengawu ukafika m'kalasi umafupika n'kutsala mawu awiri: "Khalani m'magulu." Ana khumi ndi awiri amazungulira buku limodzi, awiri akulemba, ena akukamba za mpira, ndipo pamapeto mmodzi amakawerenga kutsogolo zimene akopera m'bukumo. Uku ndi kukopera manotsi komwe kuja, kungoti mipando yatembenuzidwa. Gulu limagwira ntchito likakhala laling'ono, la awiri kapena atatu, funso lake likakhala loti yankho silingapezeke pongotsegula tsamba, ndiponso aliyense akadziwa kuti akhoza kutchulidwa kuti afotokoze. Tisaiwalenso kuti pali zinthu zimene mwana sangazitulukire yekha. Palibe amene angapeze malamulo a algebra pocheza ndi mnzake. Mphunzitsi afotokoze momveka, aonetse chitsanzo, kenako aleke ndi kupatsa ana ntchito. Cholakwika si kulankhula kwa mphunzitsi, koma kulankhula osaleka.

Chiyankhulo ndi mwala wina wopunthwitsa. Sukulu zina zimalanga mwana womveka akulankhula Chichewa, poganiza kuti potero Chingerezi chake chikula. Cholinga n'chabwino, popeza mayeso amalembedwa m'Chingerezi ndipo wolephera Chingerezi alibe satifiketi. Koma chimene chimakula kawirikawiri ndi chete. Ine ndikuona kuti n'kwanzeru kulola ana awiri kutsutsana za madontho a ndimu m'chiyankhulo chimene amaganizira, kenako n'kuwauza kuti alembe ndi kunena yankho lawo m'Chingerezi. Mwana amene ali ndi ganizo amafunafuna mawu ake. Amene alibe ganizo, ngakhale atamupatsa mawu, amangowaloweza.

Kwa mphunzitsi amene mtima uli pa mayeso, nkhani yabwino ndi yakuti kudzutsa kalasi sikulimbana ndi MANEB. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kuti ophunzira amene anawerenga nkhani n'kuyesa kuikumbukira buku lili chitsekere anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene anangoiwerenga mobwerezabwereza. Mphindi zisanu zoyambirira za piriyodi, makope ali otseka, aliyense akulemba zimene akukumbukira za dzulo ndi za mwezi watha, zimapindula kuposa usiku wonse woloweza mayeso atayandikira. Si mayeso opatsa malikisi, ndipo wolakwa asachititsidwe manyazi. Mwana akasekedwa kamodzi pamaso pa anzake chifukwa cha yankho lolakwika, makamaka mtsikana wa Fomu 1 amene wangofika kumene, akhoza kutseka pakamwa mpaka Fomu 4.

Pali zina zimene luso la mphunzitsi silingathe. Mwana amene wayenda makilomita ambiri kudutsa m'mapiri osadya kanthu amasinza ngakhale phunziro likome bwanji. Amene akukhala pa selofu pafupi ndi sukulu amaganiza za ufa umene watha. Nyengo ya manachesi ena amajomba kukathandiza kuthyola ndi kugulitsa, chifukwa ndalama ya yunifolomu imachokera komweko. Izi ndi za makolo, mafumu, komiti ya sukulu ndi boma, ndipo amene amauza aphunzitsi kuti asinthe kaphunzitsidwe osatchula njala, mtunda ndi kuchepa kwa mabuku akunena theka la nkhani. William Kamkwamba, amene anasiya sukulu ku Kasungu chifukwa chosowa fizi m'njala ya 2002, anapanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo atapeza buku m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo. Sukulu imene yatsekera mabuku ake ochepa mu ofesi poopa kuti ang'ambika ikutseka khomo lomwelo.

Zimene zili m'manja mwa sukulu n'zambiri ndithu. Mphunzitsi wamkulu akhoza kukonza ndandanda ya maphunziro kuti sayansi ndi zaulimi zikhale ndi mapiriyodi awiri otsatizana, chifukwa mphindi 40 sizikwanira kutulutsa mabotolo, kuyesa, kukambirana ndi kulemba. Akhoza kulola kalasi kutuluka panja popanda kuiona ngati yasowa mwambo. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana, zimene zimakumana kale m'magulu awo a ma kilasita, akhoza kukonzera limodzi phunziro limodzi, wina n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenako n'kukhala pansi kukambirana pamene ana anatayika. Ndipo woyendera sukulu wochokera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo, akalowa m'kalasi, asamangoyang'ana ngati sikimu ndi pulani ya phunziro zasainidwa. Akhale kumbuyo, awerenge ana amene alankhula chiganizo chathunthu m'piriyodi imeneyo, aone kuti mwa iwo atsikana ndi angati, ndipo atsegule makope atatu kuti aone ngati muli chiganizo ngakhale chimodzi chimene sichinachokere pa bolodi.